Bedi la Amayi Lili ku Kabwata

Achimwene ba Lameki,

Muli bwanji ku Mangalandeko? Kuno ku Chelstone tilipo, koma msana wa amayi sukuwalolabe kudzuka.

Kontena yanu ija inafika Lachiwiri, itatha miyezi inayi panyanja ndi pamsewu wa ku Dar. Pamapepala munalemba dzina la amalume poti ndi akulu, ine wosambitsa odwalane simunandione. Choncho anakaitsegulira kwawo ku Kabwata. Nditapita kukatenga bedi lachipatala la amayi, ndinapeza amalumewo agonapo okha, akusewera kulikweza ndi kulitsitsa. Akuti, "Mlongo wangayo anazolowera mphasa."

Amayi ndawauza kuti sitima sinafike. Chonde muwaimbire Lamulungu, munene bodza lomweli ndi pakamwa panu.

Mulungu akusungeni, inu ndi ulemu wanuwo.

Ine mlongo wanu,
Tisiyenji