Mwana m'dengu la tiyi

Amayi, kodi kumene muliko mukukhala bwanji?

Ndine Esinati, mwana wanu woyamba. Kulemba sindinaphunzire, mukudziwa, ndiye akundilembera ndi Felista, chitsiriziro changa, amene munamusiya akukwawa uja. Pano ndi mphunzitsi ku Goliati, ndipo akamadutsa pamsika amuna a ndevu zawo amamupatsa moni ndi manja awiri. Ndamuuza kuti alembe mmene ndikulankhulira, asakonze, asafunse.

Kuno mvula yayamba bwino. Nandolo chaka chatha anabereka, koma nthochi zanu za kuseri kwa nyumba zinagwidwa ndi matenda, alangizi anati tizule zonse. Ndinazula ndekha, sindinalole wina. Kumtunda kwa esiteti, kumene munkathyola tiyi, mbali ina anadzalako makademiya, moti mutabwera mukhoza kusochera. Ine dengu ndinatula kalekale, maondo anakana.

Nkhani yaikulu ndi yakuti mwana wa Felista wabereka mwana wamwamuna. Ali ndi milungu isanu ndi umodzi, ndi wonenepa, ndipo makutu ake ndi anu enieni.

Lamulungu lapitali amayi a ku tchalitchi anabwera kudzamupempha. Pa Khirisimasi kuli sewero la kubadwa kwa Yesu, ndipo chaka chino sakufuna chidole, akufuna mwana weniweni. Chodyera ng'ombe alibe, ndiye akuti amugoneka m'dengu lothyolera tiyi. Onse anakondwa. Ine ndinakana, mokweza, mpaka alendowo anayang'ana pansi. Felista anati, "Amayi, mwatani kodi? Si dengu chabe?" Mawa amayi aja akubweranso kudzamva mawu anga otsiriza, pakuti wamkulu m'banja muno ndine. Koma sindingawayankhe ndisanalankhule ndi inu.

Ndikunena za Mateyu, Amayi, mlongo wanga. Anali ndi miyezi iwiri, ine zaka zisanu ndi ziwiri. Unali mwezi ngati uno, tiyi ataphuka paliponse, kapitawo osalola munthu kutsala pakhomo. Munamugoneka m'dengu lakale pansi pa bulugamu, kumapeto kwa munda, n'kundiuza kuti, "Esinati, khala pompa. Mvula ikayamba umufunditse sakali, undiitane." Mvula inabwera yamphamvu. Mutafika mukuthamanga munapeza nsalu zake zikudontha madzi. Ndinati ndinamufunditsa koma mphepo inauluza saka. Patatha masiku atatu chibayo chinamutenga.

Silinali bodza laling'ono. Ine panalibe. Kutsidya kwa ngalande kunatuluka ngumbi, ana anzanga anandiitana, ndipo ndinapita. Kulira kwake ndinakumva. Ndinati ndidzaze kaye chitini.

Madzulo a tsiku limenelo mukundisambitsa, munachotsa phiko la ngumbi m'tsitsi mwanga. Munaliyang'ana, n'kulitaya pansi. Zaka zonse tinakhala limodzi, ndinakusambitsani inunso pa matenda anu, ndikudikira kuti mundifunse. Simunafunse. Kodi munkanditeteza ine, kapena munalibe mphamvu yoti mumve? Mpaka lero mvula ikangoyamba kugunda masamba a tiyi ndimamva mwana akulira kumtunda kuja, ngakhale bulugamuyo anadula kale. Ndimaima ndi khasu m'manja mpaka kusiye.

Kuyambira chaka chimenecho pa Khirisimasi simunapitenso ku tchalitchi. Tikamavala inu munkatenga khasu. Munkati, "Pitani. Mulungu wa kumwambayo sananyowepo ndi mvula." Ine ndinkapita ndi kuimba nawo, koma mumtima ndinkati mwina akunena zoona.

Lamulungu lomwelo, amayi aja asanabwere kwathu, abusa analalikira za kubadwa kwa Yesu. Ndamva ulaliki wotere kambirimbiri, koma uwu sukundichoka m'mutu. Anati Mulungu sanavale thupi ngati jekete loti akatopa nalo avule. Anakhaladi mwana. Ankamva njala, ankazizidwa, ntchentche ikamutera pamaso sankatha kuiingitsa. Akalira ankadikira kuti wina abwere. Ndipo anamupereka m'manja mwa mtsikana wosauka, woyamba kumene kubereka, kutali ndi amayi ake.

Ndakhala ndikuzitembenuza sabata yonse. Iye amene anatiumba ankawadziwa manja athu. Ankadziwa kuti timagona, timaiwala, timathamangira ngumbi. Akanatha kubwera ali wamkulu kale, ndi mphamvu zake, koma analola kugona pansi ndi kudikira anthu onga ine. Ndiye ndikuti mwina ananyowa, Amayi. Sindikukutsutsani, ndikungokuuzani zimene zandifika mochedwa.

Sindikunena kuti mlandu wanga watha. Mateyu sadzuka chifukwa cha ulaliki. Koma kwa zaka zonsezi chimene chinkandidya n'chakuti analira yekha, popanda womumva. Tsopano ndikuganiza kuti analipo wina womumva, amene kuzizira kwa mwana wakhanda amakudziwa ndi thupi lake, osati mongouzidwa. Ngati zili choncho, ndiye kuti ameneyo anandionanso ine kutsidya kwa ngalande ndi chitini changa, ndipo sanaleke kundipatsa ana oti ndilere. Asanu, Amayi, ndipo onse anakula.

Felista waika cholembera pansi, akupukuta maso. Ndi koyamba kuzimva. Ndamuuza kuti atole amalize, kulira tilira bwino tikatha.

Mawa ndiwauza amayi aja kuti mwanayo amutenge. Koma ndiwauzanso kuti pafupi ndi dengulo aikepo mpando wanga. Akuti m'seweromo mulibe nkhalamba, muli abusa a nkhosa ndi angelo okhaokha. Aona okha pondiika. Ngakhale aziti ndine bulu wa m'kholamo, ine ndikhala pomwepo.

Ngati Mateyu muli naye pafupi, mumuuze kuti mlongo wake wanena zoona tsopano. Mundipepesere, inu mumadziwa kulankhula naye. Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndikulonjeza kuti tsiku limenelo, kaya kugwe mvula yotani, kaya andiitane ndani panja, sindidzuka mpaka mwanayo atabwerera m'manja mwa amake.

Ndine mwana wanu,
Esinati