Chinyongolotsi cha Kapitau

Vila Coutinho,
14 Novembro 1972

Okondedwa alongo anga a Venâncio,

Ndikhulupirira muli bwino ku Dedza kumeneko pamodzi ndi alamu anga. Kuno mvula yayamba, koma ife sitinadzale. Kalatayi ndaipereka pamanja kwa a Jacinto, ogula mbatata ya kachewere aja, chifukwa makalata a kupositi akumatsegulidwa.

Mukudziwa kuti amuna anga a Salvador amagwira ntchito kunyumba kwa kapitau wa asilikali. Mzunguyo ali ndi bokosi lagalasi pabalaza, lodzaza madzi amchere ochokera ku Beira. M'menemo anaikamo miyala yonga maluwa, tinsomba tachikasu ndi tamizeremizere, ndi chinthu china chonga nyongolotsi, chachitali ngati mkono wanga, chopanda maso. Iye amachitcha nkhaka ya m'nyanja. Chimangokwawa pansi n'kumanyambita mchenga ndi timanja ta pakamwa pake. A Salvador ndiwo ankasamala zonsezi.

Chiyambire kuphulika kwa mabomba mumsewu wa ku Tete, kamiyau, galimoto yaikulu yobweretsa migolo ya madziwo, sinabwerenso. Mafuta a injini yamagetsi nawo anachepa, moti a Salvador ankakhala tsiku lonse akupopera mpweya m'madzimo ndi pampu ya njinga. Ankabwera kunyumba manja atatupa. Ndinati, "Bwanji osangomuuza kuti zakanika?" Iwo anati, "Amake Cacilda, munthu uja masiku ano salankhula ndi anthu. Amalankhula ndi galasi lija."

Lachinayi m'mawa chinthucho chinasanza ulusi woyera womata, wonga matumbo. Madzi anachita mbuu, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo nsomba zonse zinali zitayandama chagada. Senyora, mkazi wa kapitauyo, ananena yekha kuti chimatero chikasautsika, ndipo ulusiwo ndiwo uli ndi chiphe. Mwamuna wake sanamve. Akuti anawafunsa a Salvador chapansipansi, "Wakutuma ndani? Lero nsomba, mawa chakudya changa?" Madzulo ake jipe ya asilikali inawatenga. Ndikapita nacho chakudya kumene akuwasungako, amandibwezera mbale yosavundukula.

Chinthucho sichinafe. Dzana kapitau anandiitanitsa, nandiika pampu ija m'manja. Anati, "Mwamuna wako adzabwera ndikadzaona kuti chachira." Sanandiuze chimene chidzachitike chikafa, ndipo ine sindinafunse. Tsopano ndimagwada pabalazapo n'kumapopa, iye atakhala pampando kumbuyo kwanga, mfuti ili patebulo. Senyora anandinong'oneza kuti tisungunule mchere wa kukhitchini, koma nayenso sakudziwa ngati ungathandize. Lero chinthucho chafota, ndipo sichinasunthe pamwala pamene chinagona dzulo.

Alongo, pempho langa ndi ili. Loweruka a Jacinto adzadutsa pa Domwe ndi ana anga, Cacilda ndi João, atawakhazika pakati pa matumba. Mukawadikire kutsidya kwa malire. Ine sindingabwere. Ndikangosowa pagalasipo, a Salvador ndiwo adzaone zakuda.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Inácia. Muwauze kuti João sagona popanda womugwira dzanja, ndipo Cacilda akayamba kutsokomola asamamwe madzi ozizira. Anawo ndawauza kuti akupita kukacheza kwa amalume awo. Muwasiye akhulupirire zimenezo mpaka mutamva kuchokera kwa ine, kapena kwa munthu wina.

Ndine mlongo wanu,
Serafina