Anaitana Mayina a Ana Omwe Sangayankhe

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, ndipo tsopano ndine wapampando wa komiti ya sukulu ya boma ya m'dera lathu. Mwana wanga wamkazi amaphunzitsa pasukulu yomweyo.

Lachiwiri lapitali panakwana chaka chichitikireni chivomezi chimene chinagwetsa sukulu ina kudziko lakutali, ana ambiri n'kufera m'kalasi. M'mawa wa tsikulo, mwana wangayo atatha kuitana mayina a ophunzira ake, aliyense akuyankha kuti "Ndilipo," anatulutsa nyuzipepala yakale n'kupitiriza kuitana mayina khumi a ana omwalirawo. Palibe anayankha. Ine ndinali pakhonde kuyendera denga lodontha. Pazaka makumi anayi za uphunzitsi sindinamvepo kalasi ili zii chotero popanda ndodo. Ndinavula chipewa.

Madzulo ake bambo wina wogulitsa nyama anandipeza kunyumba. "Apampando, mwana wanga wakana kudya, akungoyang'ana kudenga," anatero. "Tinamutumiza kukaphunzira masamu, osati kukakhuza maliro a anthu osawadziwa." Walemba kalata yodandaula, ndipo komiti idzakumana Lachisanu. Ikagwirizana naye, kalata yochenjeza mphunzitsiyo ndidzasaina ndine, ndipo ikhoza kumulepheretsa kukwezedwa pantchito.

Lamulo ndi lomveka: chilichonse chosalembedwa pandondomeko ya maphunziro chiyenera kudzera kwa ahedi. Mwana wangayo sanatero. Atandifunsa maganizo anga tikudya, ndinangoti, "Tikaonana kukomiti, aphunzitsi." Iye anati, "Chabwino, apampando," n'kundichotsera mbale ndisanakhute.

Zoona zake n'zakuti ndikumunyadira kwambiri. Kodi sukulu za boma ziyenera kukumbukira masoka otere? Nanga Lachisanu nditani?

W.K.J., mphunzitsi wopuma

Bambo W.K.J.,

Nyadirani, palibe mlandu. Munalera mphunzitsi weniweni.

Inde, sukulu ziyenera kukumbukira. Mwana amene amaloza dziko pamapu koma osamva kanthu ana anzake akafera kumeneko, maphunziro ake ngoperewera. Komabe bambo wogulitsa nyamayo sakulakwa. Mwana wake akuopa kuti denga limugwera, ndipo pasukulu yanu denga likudontha kale. Cholakwika si kukumbukirako, koma kudzidzimutsa ana ndi makolo omwe.

Lachisanu musakhale pampando. Nenani poyera kuti mphunzitsiyo ndi mwana wanu, achiwiri anu atsogolere zokambirana, ndipo kalata iliyonse yotulukapo asaine ndi iwo. Mukatero, akapezeka wopanda mlandu palibe anganene kuti bambo ake amuteteza.

Tsikulo lisanafike, mwana wanuyo apepese kwa ahedi chifukwa chowadumpha, kenaka akaone mwana wamanthayo kwawo, makolo ali pomwepo. Pepani wonenedwa pakhomo amafewetsa mtima kuposa wonenedwa pamsonkhano.

Nkhani yake ikatha, bwererani pampando ndi pempho: sukulu isankhe tsiku limodzi pachaka lokumbukira masoka, akutali ndi apafupi omwe. Makolo azidziwitsidwa kutatsala sabata imodzi, ana aang'ono asamakakamizidwe, ndipo mwambowo uzitha ndi kuphunzitsa ana zoyenera kuchita ngozi ikagwa. Denga lija mulikonzenso.

Chenjezo langa ndi ili: musadikire chigamulo kuti mumuuze zimene mwandiuza ine. Mukadzanena Loweruka, adzaganiza kuti mukunyadira chifukwa komiti yamukhululukira. Muuzeni lero, ndipo musamutchule "aphunzitsi." Mutchuleni "mwana wanga."

Aphungu