Laputopu Yabwera Yopanda Chipsera

Mwenilondo, Karonga
14 Ogasiti 2024

Okondedwa achemwali a Dora,

Mukukumbuka mmene malemu bambo ankadulira ng'ombe zathu khutu lakumanzere ku Kaporo, kuti zisasokonekere ndi za eni ku dibi? Nditagula laputopu yanga ndili ku yunivesite, nanenso ndinaikanda kunsi ndi msomali. Munandiseka tsiku limenelo.

Kuno tili bwino. Ndikuthokoza kuti alamu a Anthony anandinyamulira makinawa kupita nawo kwanu ku Lilongwe, kampani yowapanga italengeza kuti isintha mwaulere mabatire onse otupa. Dzulo andibweretsera popita ku Songwe. Laputopuyi ikuyaka bwino, batire ikukhalitsa, koma nditaitembenuza sindinapeze chipsera chija.

Ndinawafunsa mwaulemu. Iwo anaseka n'kuti, "Mlamu, sukulu yakuchulukira. Batire ikatupa imapinda chivundikiro, ndiye amasintha zonse."

"Nanga mawu a bambo amene ndinawajambula akuyimba nyimbo za Chinkhonde ali kuti?"

"Amafufuta pokonza. Sunawerenge malamulo awo?"

Ndinawerenga, ndipo n'zoona kuti amachenjeza zimenezo. Ndine ndinazengereza kusunga mawuwo pena. Mwina alamu akunena zoona. Mukundidziwa, ndimatha kuganizira chinthu mpaka kuchiwononga.

Komabe batani la A linali litafufutika ndi chala changa, pano likuoneka bwinobwino. Ndiponso pa chithunzi chimene munatumiza pa foni, mwana wanu Emma wanyamula laputopu yofanana ndi yanga, imene bambo ake akuti anamugulira ku Tanzania. Kunsi kwake kwamatidwa kapepala ka maluwa, pakona pomwe ndinakanda paja.

Sindikunena kuti munthu waba, achemwali. Ngati zinasinthana mwangozi, Emma asunge imene ali nayoyo, ine ndikhala ndi iyi. Chimene ndikupempha n'chimodzi: mukakhala nokha, matulani kapepalako. Mukapeza chipsera, musalole kuti afufute kanthu. Mawu a bambo kulibenso kwina.

Mukapeza palibe, ng'ambani kalatayi ndipo mundikhululukire.

Sindinafune kuimba foni chifukwa mawu akanandithawa. Moni kwa Emma, mumuuze kuti amalume ake amamunyadira. Alamu abwerako ku Songwe, aima panja, injini ikulira. Ndipinda mapepalawa n'kuwapatsa iwo omwewo kuti akubweretsereni, envulopu yosamata.

Ndine mlongo wanu,
Ipyana