Botolo nambala 17

Lolemba, 9 Sepitembala

Msonkhano wa nthambi zitatu watheka lero: ife a nsomba, a zaumoyo ndi a zachilengedwe. Aliyense kufumbata fayilo yake ngati wina amulanda. Ndinaonetsa zathu: mankhwala akale ophera tizilombo, osawola aja, akadali m'matope ndi m'mafuta a mlamba ndi kampango.

Kenako Jacqueline wa zaumoyo anatulutsa zawo. Mkaka wa m'mawere wa amayi 40 a kwa Mponda, woyezedwa zaka ziwiri zapitazo. Mankhwala omwewo. Zaka ziwiri! Pakati pa ofesi yawo ndi yathu pali mtengo wa mango basi.

Lachiwiri, 10 Sepitembala

Pa mabotolo a mkaka aja, botolo nambala 17 likuposa onse kutalitali kuchuluka kwa mankhwalawo. Mayina ali m'kope lina, Jacqueline akulifunafuna. Akuti mayiyo asaleke kuyamwitsa, koma ayezedwenso, ndipo achepetse nsomba zamafutazo.

Bwana wanga a Simioni: "Rodgers, manambalawa ndi a boma mpaka kulikulu atasaina. Asamve munthu." Ndinati chabwino bwana. Ine ndimangoti chabwino.

Lachitatu, 11 Sepitembala

Kwa Mponda kukatenga nsomba zoyeza. Abiba, amene amandisungira milamba pa thandala lake loyanikapo nsomba, ali ndi khanda lina kumsana. Iyenso anapereka nawo mkaka chaka chija. Anandikuwira anthu akumva: "Achimwene a mabotolo! Mkaka wanga uja anzanu anamwera tiyi?" Onse kuseka. Inenso ndinaseka. Mwana ankayamwa, ine ndikuyang'ana sikelo.

Lachinayi, 12 Sepitembala

Kope lapezeka. Nambala 17: Abiti Saidi. Nambala 9: Abiti Saidi. Nambala 31: chimodzimodzi. Amene ankalemba anali mlendo kuno. Anafunsa dzina, amayiwo anapereka laulemu, loti mwana wamkazi wa Saidi, iye n'kulemba. Zaka ayi, dzina loyamba ayi. A Saidi kwa Mponda alipo angati?

Bambo ake a Abiba ndi a Saidi. Izi ndikuzidziwa.

Mwina sikelo ya kulabu, koyezera kuja, inalakwa. Mwina ndine ndikukuza zinthu. Ndawerenganso kanayi. Sizikusintha.

Lachisanu, 13 Sepitembala

Kalata yopempha kuyezanso yabwezedwa. Akuti iyenera kuchokera ku zaumoyo. A zaumoyo akuti nsomba ndi zathu.

Loweruka, 14 Sepitembala

Ndamuuza Abiba. Sindinakonzekere, zangotuluka. Anasiya kutembenuza nsomba.

"Ndiye mwa atatufe ndi ndani?"

"Sindikudziwa."

"Sukulu yonse ija munkaphunzira sindikudziwa?"

Ndinamuuza za kuchepetsa mlamba. Anati, "Usipa timagulitsa, mlamba wosweka ndiye ndiwo za ana. Tidye fayilo yanuyo?" Anamanganso mwana, osandiyang'ana. Enawo akuwadziwa: Zena mng'ono wake, ndi wina wa Saidi wina, anakwatiwa kwa Katuli.

Ndamupatsa mantha okha. Mankhwala ndilibe, yankho ndilibe. Mwina a Simioni amanena zoona.

Lolemba, 16 Sepitembala

Ndawapeza pakhonde la ofesi ndikufika. Abiba ndi Zena, aliyense ndi kabotolo ka mankhwala a chifuwa kotsuka bwino, mkaka mkati, kokulunga pansalu.

"Yezaninso," anatero Abiba. "Koma lero mulembe dzina lenileni."

Mabotolo otere kulabu sangawalandire. Chilolezo palibe. Ndinafuna kufotokoza. A Simioni anaima pakhomo, makiyi m'manja, kundiyang'ana.

Ndinatenga cholembera. Abiba Saidi, zaka 29. Zena Saidi, zaka 24. Mabotolowo ndawaika mufiriji ya nsomba, pashelefu ya pamwamba.

"Rodgers, ukudziwa chimene ukuchita?"

Sindinati chabwino. Ndinafunsa Zena kuti galimoto ya kwa Katuli, kwa Abiti Saidi wachitatu uja, imanyamuka nthawi yanji.