Chigawo Chapakati cha Nyimbo ya Bambo

Lolemba, 5 Meyi

Bambo amaliza. Andipeza ndikutsuka mbale, mapepala ali pachifuwa ngati khanda. "Nachete, yatha." Dzinali anandipatsa ndi iwo, poti ine pakamwa mpolemera.

Akuti ndi sonata. Nyimbo yaitali yopanda mawu, ya zigawo zitatu, ya vayolini ndi piyano. Piyano tilibe. Mbali imeneyo amangoimva m'mutu.

Amayi atamwalira, bambo sankadzuka. Tiyi kuzizirira pampando, ndevu osameta, makatani otseka usana wonse. Tsiku lina anatsitsa vayolini pamwamba pa kabati, ija anaisiya ali mnyamata atayamba ntchito yokonza mawotchi. Kuyambira pamenepo amadzuka, amasamba, amadya. Chawagwira m'moyo ndi mapepala amenewa. Ndakhala ndikuopa tsiku limene adzathe. Ndiye lero atha.

Lachitatu, 7 Meyi

Bambo akufuna wodziwa aione. Ku koleji ya kuseri kwa depoti ya mabasi kuli aphunzitsi a nyimbo. Chipinda chawo n'cham'mwamba, bambo miyendo yatupa. "Upite ndiwe. Makutu uli nawo, ndipo sunama."

Ine wolekezera ku pulayimale. Manotsi a nyimbo papepala ndimangoona ngati mbalame zatera pa mawaya.

Kuntchito kwa atelala ndatsala pang'ono kuwotcha kolala ya kasitomala. Abwana: "Lero mutu wausiya m'basi?" Ndapempha kuweruka msanga.

Aphunzitsiwo ndi amayi a imvi, magalasi a chingwe. Alandira mapepala ndi manja awiri. Akuti ndibwere Loweruka. Ndayankha motsitsa mpaka andiuza ndibwereze.

Loweruka, 10 Meyi

Chipinda chaching'ono, piyano yakuda, fungo la polishi. Ndinakhala kunsonga kwa mpando.

Anayamba n'kundifunsa. "Bambo anu akufuna chilungamo, kapena kuwasisita?" Ndinati sindikudziwa. Anati ndiye apereka chilungamo, kusisitako ndikaone ndekha.

Anaimba pang'ono pa vayolini, pang'ono pa piyano, akuima n'kumalemba ndi pensulo. Chigawo choyamba akuti chikungozungulira ngati munthu wasowa khomo. Piyano ikungotsata vayolini ngati mwana wogwira siketi ya amake, pamene zimayenera kumayankhana. Chigawo chomaliza n'chothamanga, malo ena zala sizingafike, ndipo zambiri n'zotola m'nyimbo za ena zimene bambo anamva. Sanalankhule mwachipongwe. Komabe mawu aliwonse ngati singano.

Kenaka chapakati. Anangoyamba, ine n'kuizindikira.

Kunyumba bambo amaimba moduladula. Kukwecha, kuima, kufufuta, kubwereza. Sindinaimvepo yathunthu. Lero ndaimva. Ndi ya amayi. Ija ankang'ung'udza akusita malaya a bambo, milomo yotseka. Si ya kutchalitchi, si ya pa wailesi. Yawoyawo.

Aphunzitsi anavula magalasi. "Apa pokha ndi pamene ndakumana ndi munthu. Mukawauze kuti izi n'zawozawo. Zinazo asiye, amange pa izi."

Ndinalira. Iwo anaganiza kuti ndikulirira zoipa zija, anandipatsa kampango. Sindinawauze.

Lamulungu, 11 Meyi

Dzulo bambo ndinawapeza pakhomo, atameta, atavala malaya oyera ngati akudikira alendo. Ndinayamba ndi chapakati. Za magalasi, za kukumana ndi munthu. Zinazo ndinangoti pali pokonza, alemba ndi pensulo.

Anaomba m'manja kamodzi. "Ndinadziwa! Imeneyo inandibwerera ndikusamba, yokha, ngati munthu wogogoda."

Sakudziwa. Akuyesa anaipeka ndi iwo.

Anadya n'kuwonjezera. Ine chakudya chinakana kutsika.

Lachinayi, 15 Meyi

Nyumba yadzaza phokoso. Zolemba za pensulo aziwerenga zonse, akuseka. "Mayi ameneyu ndi dokotala wa mano. Kuzula osafunsa." Chigawo choyamba achiika pansi pa tebulo osadandaula. Akuti ngati anatha kupeka chapakati chija, atha kupeka china chonga icho.

Akamaimba ndimaona msana wa amayi, chigongono chikupita n'kubwera. Ndimatuluka kukaanula zovala zosauma.

Kodi n'kuba? Anthu anagona chipinda chimodzi zaka zonse zija. Cha wina chimathera pati, cha mnzake n'kuyambira pati? Anandituma chifukwa sindinama. Sindinaname. Ndangokhala chete, monga mwa masiku onse. Koma chete wa ulendo uno akulemera.

Kuntchito mabatani a mayunifolomu tsiku lonse. Chala chaboola.

Lamulungu, 18 Meyi

Kunabwera amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi. Malalanje m'jumbo, mawu kumveka ali kumsewu.

"Alamu, mwanenepatu! Mwapeza wina kodi? Munene msanga ndikamuone mano."

Bambo kuseka mpaka kutsokomola. "Khalani pansi mlamu, mumve zimene akuluakulu a ku koleji avulira magalasi."

Ndinayesa. Ndinati amayi aang'ono tabwerani mudzandithandize kukhitchini. Anati kodi madzi a tiyi amafuna anthu awiri?

Bambo anaimirira pakati pa balaza ndi vayolini, n'kuyamba chapakati chija. Sanaphonye ngakhale pamodzi. Asanafike pakati, amayi aang'ono anayamba kung'ung'udza nawo, kenaka kuwatsogolera. Misozi mbwembwembwe, dzanja likumenya pantchafu.

"Ayi ine! Ya akulu anga iyi, ija ankaimba posita! Mwaigwira bwino alamu, koma mwaidula mchira."

Amayi aang'ono ankayesa akuwayamikira.

Uta wa vayolini unatsala m'mwamba. Bambo anayang'ana amayi aang'ono, kenaka ine. "Iwe unadziwa?" Ndinavomera ndi mutu. Anamasula uta, anapukuta nsambo imodziimodzi, anatseka bokosi. "Mlamu, tiyi wanu akuzizira."

Powaperekeza, amayi aang'ono ankangondifunsa kuti kodi iwo alakwa chiyani. Ndinati palibe.

Lolemba, 19 Meyi

Bambo sanadzuke. Tiyi ndamupeza momwe ndinamusiyira.

Lachitatu, 21 Meyi

Makatani otseka. Vayolini yabwerera pamwamba pa kabati. Anakwera pampando ndi miyendo imene ija, ine ndili kuntchito.

Ndawatengera phala. Analankhula atayang'ana kukhoma. "Chabwino chokhacho si changa. Changa ndi chija cha pensulo."

Ndinaima ndi mbale. Patapita nthawi anatinso, "Zaka zonse zija mayi ako ankaimba kumbuyo kwanga, ine maso pa mawotchi a anthu. Sindinamufunsepo kuti ndi nyimbo yanji."

Apa ndi pamene pakuwawa kwambiri, ndaona. Ndinafuna kunena kanthu. Mwana wina akanadziwa chonena.

Lachisanu, 23 Meyi

Ndapita ku koleji osatumidwa. Ndinaima pamasitepe nthawi yaitali, mpaka wosesa anandifunsa ngati ndasochera.

Ndawauza aphunzitsi zonse, maso ali pa nsapato zanga. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anati akanadziwa sakanalankhula motero, ndipo anapepesa. Koma akuti amene anaika piyano pansi pa nyimbo ya amayi ndi bambo, ndipo m'mapepala onse aja ndi pokhapo pamene piyano ikuyankha. "Zimenezo sindikubweza."

Ndinabwereza mawuwo m'basi monse kuti ndisataye ngakhale limodzi. Ndawafikitsa onse.

Bambo: "Ayamba kundisisita tsopano."

Adya supuni ziwiri basi. Lamba amanga pabowo lina.

Lamulungu, 25 Meyi

Amayi aang'ono aimba foni. Akuti abwere adzapepese. Ndati adikire.

Ndatsegula makatani, bambo atsekanso. Ndevu zayamba kuyera m'masaya. Fungo la chipinda chija labwerera, lomwe lija la miyezi yoyamba. Ndikuopa. Amayi ndinawataya ndikuona, ndilibe chochita. Awanso?

Lachiwiri, 27 Meyi

M'mawa uno, ndisanapite kuntchito, ndimasita yunifolomu yanga pabalaza. Ndinamva chitseko. Bambo, atagwira felemu ya chitsekocho, phazi limodzi lopanda silipasi.

"Mlamu anati ndinaidula mchira. Mchirawo umaudziwa?"

Ndinati pang'ono.

Vayolini sanaitsitse. Anakoka mpando, anatenga pensulo ndi pepala limodzi la pansi pa tebulo, analitembenuza kumsana. "Tandiimbira."

Ine sindinaimbepo pamaso pa munthu. Ngakhale kutchalitchi ndimangogwedeza milomo. Iwo akudziwa. Anati, "Yang'ana kukhoma ngati ukuchita manyazi. Sindikuona, ndikungomvera."

Ndati ndiyambe ndamwa madzi. Ndathawira kuno kuchipinda. Zilembo zikupindika.

Pamene bambo analekezera ndikupadziwa. Kuchokera apo imatsika kawiri, kenaka imakwera pang'onopang'ono ngati munthu akufuna kufunsa kanthu. Mchira ankanena amayi aang'ono ndi womwewo. Kupitirira apo ndafufuza m'mutu monse, mulibe. Si kuti ndaiwala. Amayi ankalekeza malaya akatha. Ankazimitsa simbi, nyimbo n'kuthera m'malere. Sindinawamvepo akuifikitsa kumapeto.

Ndiwaimbira mpaka pamene ndikudziwa. Kenaka ndiwauza kuti kwatsalako kulibe amene ali nako, ngakhale amayi aang'ono. Kaya abwerera kukagona, kaya agwira pensulo ija, sindikudziwa.

Basi ya kuntchito yandisiya kale. Bambo akuitana. Aitananso, ndipo ulendo uno sanati Nachete, atchula dzina langa lenileni