Pepala la a Kamphinda Silikuuma

Kwa Mayi Esther Kamphinda, akubanja onse, ndi anthu a kwa Kabudula,

Ife a Bungwe la Amayi a Tiyamike talandira ndi mantha ndiponso chisoni chachikulu uthenga wa imfa ya amuna anu, Bambo Lazaro Kamphinda, mmisiri wojambula zithunzi, amene anatisiya Lachiwiri lapitali. Alembi athu amafuna ndiyambe ndi mawu ozuna okhaokha, koma wapampando ndine, ndipo ndinena poyera kuti malemuwa anali ndi ngongole kwa ine. Si ya ndalama ayi. Zaka ziwiri zapitazo ndinawapatsa kansalu ka chitenje cha mwana wanga Rabecca, amene anamwalira tili pa esiteti ku Mchinji, asanajambulitseko ndi kamodzi komwe. Ndinawafotokozera maonekedwe ake kuti andijambulire. Thupi anajambula, kansaluko anamata, koma pankhope anasiya poyera.

Ndinkapitako mwezi ndi mwezi. "Kodi a Kamphinda, mukudikira kuti nanenso ndife?" Iwo ankangoti, "Mayi, musafulumire. Nkhope imabwera pepala likamauma." Ndinawalalatira kangapo, sindibisa.

Komabe ntchito yawo palibe angaikane. Kwa zaka khumi ndi zisanu ankanyowetsa pepala ndi madzi a kudambo, n'kupakapo penti wosungunula ndi madzi, kuwonjezera katondo, makala, masamba a fodya ndi tizidutswa ta nsalu, mpaka munthu n'kutulukapo ngati alankhula. Loweruka lililonse ankaphunzitsa ana athu m'chigafa mwawo osalipiritsa, ndipo ena amene anathawa sukulu anabwererako chifukwa cha iwo. Zithunzi zawo zinaonetsedwa ku Nambuma, ku Namitete ndi mumzinda wa Lilongwe, kumene anthu a masuti anaima pamzere kuti aone nkhope za ife osoka fodya.

Tamva kuti akubanja mwagwirizana zotentha mapepala onse tsiku lometa, chifukwa akuchita chinyezi ndi kununkha dambo mwezi wa Okutobala uno, pamene ngakhale zitsime zaphwa. Nditamva zimenezo dzana, ndinathamangira kusiwa kuti ndikangotenga kansalu kanga. Inu Mayi Esther munanditengera kuseri n'kundipatsa pepalalo. Munati, "Tengani chanu. Lolemba ndinaliona ndi maso angawa lilibe nkhope, ndipo bambowa dzanja linali litafa kale."

Nkhope ilipo. Ndi Rabecca. Pansi pa chibwano pali chipsera cha phala limene linamutayikira ali wakhanda, chimene ine sindinawauzepo a Kamphinda, ndipo iwo mwanayo sanamuonepo.

Choncho tikupempha mwaulemu, koma mosabwerera m'mbuyo, kuti mapepala enawo musatenthe. Amayi anayi a m'bungwe lathu anaperekanso nsalu za ana awo, ndipo akudikirabe. Ngati akukuopsani m'nyumba, tipatseni tikasunge ife.

M'malo mwa mamembala onse, ndikupepesa kwa inu amayi, kwa ana ndi kwa abale, ndipo tikupempha Chauta akulimbitseni mitima m'masiku owawawa. Kwa malemuwa ndikuti ngongole yanu kwa ine yatha, gonani. Pepalalo ndaliyanika pathandala masiku awiri, dzuwa lonseli, likadali lonyowa. Sindilibweza.

Ine,
Mayi Tisiyenji Nabanda
Wapampando, Bungwe la Amayi a Tiyamike